Chipika cha Harun

Lachisanu m'mawa abwana anga anandiponyera faelo patebulo osakhala n'komwe pansi.

"Sajeni Chadzunda, apa palibe chofufuza. Dalaivala wosasamala, mayi wamwalira, mboni zilipo. Tengani sitetimenti yomaliza, Lolemba akaonekere kukhoti."

Nditaona dzina pachikuto mtima unandiwawa. Harun Maulidi. Mu Dedza muno ndani sawadziwa a Harun? Zaka khumi ndi zisanu akhala akunyamula alendo pa kasaluni kawo kobiriwira. Lero kukaona zojambula za pamiyala ku Chongoni, mawa kukwera Phiri la Dedza mpaka kumapaini, mkucha kutsika Khwekhwerere mpaka ku Mua n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Amayendetsa mochedwa moti akabaza amawapitirira akuwaimbira mluzu. Inenso nditangosamukira kuno anandinyamulapo ndi ana anga, ndipo ndinafika kunyumba nditatopa ndi kuyasamula.

Faelo inkanena kuti Lachinayi masana a Harun anaimika galimoto pa Khwekhwerere, pamalo oonerapo chigwa pamene pamakhala osema zidole, iwo n'kuchokapo. M'galimotomo munatsala mayi Magadalena Mtambalika, mphunzitsi wopuma wa m'mudzi wina kufupi ndi Kasina, amene miyendo inafa ndi sitiroko zaka zisanu zapitazo. Ana awo awiri, Linus ndi Tiyamike, anali panja akujambula zithunzi. Galimoto inayenda yokha n'kugwera kuphompho, ndipo mayiwo anafera pomwepo.

A Harun ndinawapeza m'chitolokosi atadziunjika pakona. Juni wa Dedza sasankha wolakwa ndi wosalakwa, onse amawaluma chimodzimodzi. Ndi munthu wamfupi kwambiri, wa kandevu koyera, ndipo tsikulo anachita kuchepera.

"A Harun, ndiuzeni zonse, musasiye kanthu."

"Mayi Sajeni, handibuleki yanga ndi yofooka. Sindibisa. Ndakhala ndikuti ndikonza, ndikonza. Mlandu umenewo ndi wanga ndipo ndikauyankha kwa Mulungu." Anayankhula motsitsa, maso ali pansi. "Koma chifukwa cha chomwecho, ndikaima paliponse ndimachita zinthu zitatu. Handibuleki, giya, ndiye chipika patayala lakutsogolo. Ngakhale pakhomo panga, pathyathyathya paja, chipika ndimaika. Akazi anga amandiseka nazo."

"Nanga Lachinayi?"

"Ndinaika. Wallahi ndinaika."

"Munachokeranji pagalimoto?"

"Nthawi yoswali inali itakwana. Ndinapempha mphindi khumi, iwo anavomera. Ndinapita kuseri kwa chisakasa cha osema, mmodzi wa iwo, a Zikhalo, ananditungira madzi. Ndili m'kati moswali ndinamva mkuwe."

"Makiyi anali kuti?"

"M'thumba mwangamu. Ali pakauntala panu apo pamodzi ndi lamba wanga."

Ndinatsegula faelo n'kuwawerengera mzere umene unkawamanga. "Anzanga a zapamsewu chipikacho sanachipeze pamsewu ayi. Anachipeza m'galimoto."

Apo m'pamene anadzutsa mutu.

"M'buti?"

"Angolemba kuti m'galimoto."

"Ngati ndi m'buti, ndiye kuti ndapenga, mundimange basi. Koma ngati ndi mokhala anthu, mayi Sajeni, chipika changa sichinalowemo chisemedwere. N'chakuda bii ndi oyilo. Ine mipando yanga ndimayala nsalu zoyera."

* * *

Linus Mtambalika anabwera yekha cha m'ma teni kudzatenga kalata ya mtembo. Chimunthu chachitali, jekete lachikopa, magalasi akuda pamene kunja kunali nkhungu yoti sungaone ndi mbuzi yomwe. Anakhala ku Joni zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ankafuna kuti aliyense adziwe asanafunse.

"Eish, mama, dziko lino n'lomvetsa chisoni," anatero akukhala ndisanamuuze. "Kuja galimoto ngati imeneyi singayende ndi pamsewu pomwe. Ine ndinangoti amayi anga, zaka zisanu ali m'nyumba, akaoneko nyanja ali pamwamba. Ndinawagulira diresi loyera, ndinawagulira nsapato. Ndiye munthu angowasiya pachitsetserezi kuti akukapemphera? Kupemphera!"

"Yanu galimoto ili kuti, bambo Mtambalika?"

Anandiyang'ana kudzera pamwamba pa magalasi. "Ili kuboda. Mapepala."

Mapepala. Onse obwera pabasi galimoto zawo zimakhala kuboda.

"Chipika munachiona?"

"Chipika chanji? Palibe chimene anaika. Ndipo umboni ndili nawo." Anatulutsa foni yaikulu ngati mbale n'kundionetsa. "Mlongo wanga anajambula ichi mphindi imodzi ngozi isanachitike. Onani tayalalo. Pali chipika apo?"

Chithunzicho chinali chokongola, nditero. Kumbuyo kuli chigwa chonse mpaka nyanja ikuchita kung'anima patali. Linus watsamira chitseko chakumbuyo, mwendo wapingasa, dzanja lili padenga la galimoto ngati mwini wake. Tayala lakutsogolo lili poyera, palibe kanthu. Pawindo pakuoneka mutu wa mayi ake.

"Zithunzi zina zilipo?"

"Chokhachi."

"Ulendo wonse wochokera ku Kasina mpaka Khwekhwerere, chithunzi chimodzi?"

"Batire, mama."

Ndinamuuza kuti anditumizire. Atatuluka ndinachikulitsa pafoni yanga mpaka nkhope ya mayiwo inadzaza galasi lonse. Mwana wawo wawatenga kuti akaone nyanja, nyanja ili apo, koma iwo sankayang'ana nyanja kapena wojambula. Ankayang'ana pamiyendo pawo, nkhope ili ngati ya munthu amene wapatsidwa khanda la eni.

* * *

Galimotoyo anaikoka n'kuisiya kuseri kwa ofesi, pamene timaunjika zonse zimene zinapha anthu. Kutsogolo kunali kutaphwanyika ngati chitini choponda ng'ombe, koma kumbuyo kunali bwinobwino. Ndinatenga makiyi a a Harun pakauntala n'kuitana mnzanga wa zapamsewu amene analemba lipoti.

"Chipika munachipeza pati?"

"M'galimoto, Sajeni. Ndalemba."

"Kuwerenga ndimatha. Ndikuti pati?"

Analoza pansi pa mpando wakumbuyo, mbali yomwe anakhala malemu. Chinali chikadali pomwepo, chamlombwa, chosemedwa mopendekeka, chakuda ndi oyilo ndi mwaye wa matayala. Nsalu yoyera ya pampandopo inali ndi magazi, koma oyilo panalibe.

Ndinakoka kachitsulo kotsegulira buti pafupi ndi mpando wa dalaivala. Kanangobwera lendee, waya wake anaduka kalekale. Ndinazungulira kumbuyo n'kutsegula ndi kiyi. M'butimo munali tayala lapadera, jeke, kamkeka, ndi thumba la saka lakuda ndi oyilo, lopindidwa bwino, lopanda kanthu. Nyumba ya chipikacho inali imeneyo.

"Ndiye kuti anachitulutsa," ndinatero.

"Mwina anachitulutsa n'kuiwala kuika," anatero mnzangayo, akuyang'ana wotchi.

Mwina. Loya aliyense akanatero, ndipo woweruza akanagwedeza mutu. Ndinatsegula chitseko cha dalaivala movutikira n'kukhala pampando kuti ndione giya. Inali pakati, yosalowa paliponse, koma galimoto ikagubuduzika giya imatha kutuluka yokha, choncho sindinaiwerengere. Ndinatambasula mwendo kuti ndiponde kilatchi.

Sindinaifikire.

Ine si wamfupi. A Harun amandilekeza paphewa, ndipo amayendetsa atakhalira khushoni, chiwongolero chili pachifuwa. Mpandowu unali utakankhidwa mpaka kumapeto. Ndinasuzumira pansi kuti mwina njanji zake zinathyoka pangozi, koma zinali zolimba, ndipo loko wake anali atagwira pabowo lomaliza. Ngozi ya chamutu imaponyera zinthu kutsogolo, osati kumbuyo. Khushoni ya a Harun ndinaipeza kumpando wa pambali.

Ndinatulutsanso chithunzi chija. Kudzera pawindo lakutsogolo, mutu wa mpando wa dalaivala unkaoneka uli kumbuyo kale, galimoto isanagwe.

* * *

Masana ndinapempha galimoto ya ofesi, anandiuza kuti mafuta alipo a maulendo ofunika okha. Ndinakwera minibasi mpaka pa Masasa, kenako njinga yamoto. Msewu wa Khwekhwerere alendo amaukonda, amati ngwokongola. Ine ndimangoona ngodya iliyonse imene tinatolapo munthu.

A Zikhalo ndinawapeza pachisakasa chawo akupala kagalimoto kamtengo ndi kampeni. Patsogolo pawo panali mzere wa malole, mathirakitala ndi njinga, zonse zosema, matayala ake ozungulira ndithu. Ndi bambo wa mano ochepa ndi mawu ambiri.

"Apolisi abwera! Dzulo dzulo ndinaimika mkono ngati mwana wa sukulu, palibe anandifunsa. Ati wosema adziwa chiyani. Chabwino. Khalani apa, mayi, pepani fumbi."

"Chipika cha a Harun mumachidziwa?"

"Kuchidziwa? Ndinasema ndine! Kale Che Haruni ankatola miyala, tsiku lililonse mwala, tsiku lililonse mwala. Ine ndinati, achimwene, mutimalizira phiri. Ndiye ndinawasemera cha mlombwa. Tembenuzani kunsi mukaona Z."

"Lachinayi anaika?"

"Mayi, ine anthu sindiwayang'ana kumaso, ndimayang'ana matayala. Ntchito yanga ndi imeneyo. Galimoto ikaima apa ndimaona ngati rimu ili ndi mabowo anayi kapena asanu. Che Haruni anatsika, anatsegula buti, anaika chipika kutsogolo kumanja, n'kuchimenya kawiri ndi chidendene. Amachimenya kawiri nthawi zonse, ngati akugogoda pakhomo."

"Munaona wina akuchichotsa?"

Anasiya kupala. "Apo ndiye ndinganame. Ndinapita kuseri kukawatungira madzi. Anzanga awiri anali atatsikira kumunsi kukadula mitengo. Panatsala eni ake okha."

"Munamvako kanthu?"

"Chitseko chinatseguka, chinatsekeka. Kenako wamtali uja akuseka, akuti, 'Jambula chiwongolero chioneke!' Wamtali amene uja, mayi, anagwira lole yanga iyi, anafunsa mtengo, n'kunena kuti ku Joni zoterezi ana amatola kudzala. Sanagule ndi kanjinga komwe." Analavula. "Patapita kanthawi ndinamva akuti, 'Ichi ndiye chikunyansa.' Ine ndinkayesa akunena zidole zanga. Ndinati ndituluke ndimuyankhe, koma Che Haruni anali atayamba kuswali, ndinachita ulemu."

"Kenako?"

"Kenako miyala ikulira pansi pa matayala. Ndi mtsikana uja kukuwa."

Ananditengera pamphepete. Udzu unali utagona mizere iwiri mpaka pamene nthaka imathera. Kumunsi kunkaoneka mtengo wosenduka khungwa, patali nyanja ili mbee ngati palibe chachitika.

"A Zikhalo, mungakanene zimenezi kukhoti?"

"Ndikanena. Koma adzati mkulu wosema zidole, mnzake wa dalaivala, sanaone kanthu, anangomva. Ndikunama?" Sankanama. "Amene anaona ndi maso ndi mtsikana uja. Koma iyeyo, mayi, chichitikireni sanatsegule pakamwa. Anthu akutsika kuphompho, iye anangoima apa, foni ili paudzu, akuiyang'ana ngati yamuluma."

* * *

Maliro anali Loweruka. Ndinavala chitenje ndi mpango n'kukakhala pakati pa amayi kuseri kwa nyumba ya siwa. Wapolisi wa yunifolomu pamaliro amamva nyimbo zokha, koma mayi wa mpango amamva zonse.

Sindinadikire nthawi yaitali. Amayi awiri achikulire amene anasambitsa thupi ankanong'onezana pafupi nane.

"Koma manja aja! Sopo mpaka kutha."

"Ine ndinadabwa. Aphunzitsi aukhondo aja, oti choko chokha ankasamba kawiri, zikhatho bii ngati amakanika."

"Mwina pogwa paja anagwira zitsulo."

"Zitsulo za kumpando wakumbuyo zili ndi oyilo?"

Ndinakumbukira chipika chija, chakuda ndi oyilo.

Kumanda, atatha mapemphero, Linus anayankhula m'malo mwa ana. Magalasi anavula kuti misozi ioneke. Anati amayi ake anali chuma chake, anati ngakhale anali kutali sanawasiye tsiku ndi limodzi lomwe. Anati munthu amene anawasiya pachitsetserezi ngati thumba la mbatatesi aone chilungamo, ndipo iye sabwerera ku Joni mpaka munthuyo atalowa m'ndende. Anthu anang'ung'udza movomereza. Wina kumbuyo kwanga anatchula za chipembedzo cha a Harun, mawu oti sindingawabwereze. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere, koma anthu pamanda amaona khungu lokha.

Ine maso anga anali pa Tiyamike. Mtsikana woonda, wa zaka mwina makumi atatu, mikono yolimba ngati ya mwamuna. Pamene mchimwene wake ankati sanawasiye tsiku ndi limodzi lomwe, iye anatseka maso.

Anthu akubwerera, ndinamutsatira mpaka kuchipinda cha malemu. Munali bedi, mpando wa matayala wothyoka phazi limodzi, beseni, ndi mabuku a sukulu oyalidwa bwino pawindo. Pansi pambali pa bedi panali mphasa yake.

"Ndine Sajeni Jestina Chadzunda. Pepani ndi zovutazi."

"Ndakudziwani. Nsapato zanu." Mawu ake anali ouma. "Sitetimenti ndinapereka kale."

"Munapereka mizere itatu. Mwati munkajambula, simunaone kanthu."

"Eya."

"Amayi munkawasamalira ndinu?"

"Zaka zisanu. Kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwabereka kupita kuchimbudzi. Ukwati wanga unathera pamphasa imeneyi." Sanadandaule, anangonena ngati akutchula masiku a sabata. "Achimwene ankaimba foni pa Khirisimasi."

"Lachinayi m'mawa munawasambitsa ndinu?"

"Ndine."

"Manja awo anali oyera?"

Anayang'ana pamphasa yake.

"Tiyamike, ine sindinabwere kudzakunamizani kuti ndikudziwa zonse. Ndikudziwa kuti wina wamtali anakhala pampando wa dalaivala. Ndikudziwa kuti chipika chinaikidwa patayala, kenako chinapezeka kumapazi a amayi anu. Koma zimenezi kukhoti sizikwana. Lolemba a Harun akaima m'bokosi la kukhoti, ndipo ndi chithunzi munajambula inu chija, akalowa. Bambo aja ndi a zaka makumi asanu ndi limodzi. Ndende ya zaka zisanu sangatulukemo ndi mapazi awo."

"Ndiye mukufuna ndimangitse mchimwene wanga, tsiku loika amayi anga?" Anandiyang'ana koyamba. "Mukudziwa chimene anthu awa andichite? Malume anga, azakhali anga? Linus ndi mwamuna yekha m'banja muno. Inu mukwera njinga muzipita. Ine nditsala pano."

Zonse ankanenazo zinali zoona. Ndaona mboni zambiri zikunena chilungamo n'kutsala zokha pamudzi ngati mfiti. Ndinaimirira kuti ndizipita.

"A Harun anawanyamula amayi m'manja kuwalowetsa m'galimoto," anatero ndili pakhomo. "Achimwene ankaopa kudetsa jekete."

Anagwada, n'kusolola jumbo lakuda kunsi kwa matiresi. Kuchipatala anamupatsa zovala za malemu, ndipo sanazichape. Anatambasula diresi loyera lija pabedi. Kumtunda kunali magazi. Koma pamiyendo, pakati penipeni, panali chidindo chakuda chopendekeka, ndi zala khumi mbali zonse ziwiri.

"Achimwene anayamba ndi kukhala kutsogolo," anatero. "Anataya khushoni, anakankha mpando, anagwira giya uku ndi uku kuti azioneka ngati akuyendetsa. Ati anzawo ku Joni aone kuti kwawo ali ndi galimoto. Ndinajambula zithunzi zisanu ndi chimodzi, anazifufuta tili kuchipatala. Kenako anatsika kuti ndiwajambule panja. Ataona chipika anati chikuchititsa galimoto kuoneka ngati ngolo. Anachimenya ndi nsapato mpaka chinachoka. Ndinati, achimwene, eni ake aika dala. Anati, iwe wakumudzi udziwa chiyani za galimoto, handibuleki ilipo. Anafuna kuchiponya paudzu, amayi anati, 'Usataye cha eni, bwera nacho kuno.' Ndiye anawapatsira pawindo. Anachilandira ndi manja awiri, pa diresi latsopano."

Anasalaza diresilo ndi chikhatho.

"Achimwene anatsamira galimoto, ine ndinajambula. Ndiye inayamba kuyenda. Pang'onopang'ono, mayi Sajeni, moti mwana akanaipitirira. Achimwene analumphira kumbali. Amayi sanakuwe. Ananyamula chipika chija, ndi manja awo ofooka aja, akuchikweza pawindo kuti andipatse. Anati, 'Tiya, kwaya, kaike.'"

Anayang'ana zala khumi zija padiresi.

"Ine m'manja munali foni. Achimwene anali atandiuza katatu kuti ndikaigwetsa sindingaikwanitse kulipira moyo wanga wonse. Ndinayang'ana poti ndiiike. Ndinayang'ana poti ndiiike, mayi Sajeni! Pamene ndinkaitula paudzu, chipika chinali chitawalemera, chagwera m'kati."

* * *

Linus ndinamupeza pabwalo akulandira mapepeso, atakhala pampando wa pulasitiki pakati pa amalume ake. Ndinamuitanira pambali mwaulemu, chifukwa pamaliro ndi pamaliro. Ndinamuonetsa chithunzi chake chomwe, n'kuloza mpando wa dalaivala. Kenako ndinatsegula pang'ono jumbo la diresi lija, limene Tiyamike anandipatsa.

Anayang'ana diresilo nthawi yaitali. Chizungu chonse cha ku Joni chinamuthawa.

"Handibuleki inali yakufa," anatero. "Ikanakhala yabwino sibwenzi... Si ine ndinapha amayi. Ndi handibuleki."

"Zimenezo mukanena kukhoti. Mwina akakumverani, pakuti simunafune kuti afe. Koma munthu wosalakwa wagona pasimenti masiku awiri inu mukudziwa, ndipo lero mwalumbira pamanda a amayi anu kuti mumumangitsa. Chimenecho ndiye chikundinyansa ine."

Sanathawe, analibe kothawira. Tikupita kumsewu, azakhali ake anayamba kulira maliro achiwiri, ndipo sankalira Linus yekha, ankatukwana Tiyamike. "Mwana woipa iwe! Wadya amako, lero wadya mlongo wako!" Tiyamike anaima pakhomo la chipinda chija, manja ali lende, palibe ndi mmodzi yemwe anaima naye.

A Harun anatuluka Lolemba m'mawa. Mlandu wa handibuleki unatsala, ndipo anauvomera asanafunsidwe. Galimoto analibenso, ndipo m'tauni nkhani inali itafika kale m'mashopu monse kuti dalaivala wa alendo anapha mayi wolumala. Nkhani yoti sanaphe imayenda pang'onopang'ono kuposa kasaluni kawo kaja.

Akumanga lamba pakauntala anandifunsa za chipika. Ndinati ndi umboni, chikhala kwathu mpaka mlandu utatha. Anafunsa kuti chinalowa bwanji m'galimoto. Ndinaganiza zowabisira, koma munthu wagona m'chitolokosi masiku anayi chifukwa cha chinthu chimenecho, anayenera kudziwa. Ndinawauza zonse, mpaka mawu omaliza a mayi Magadalena.

Anakhala pabenchi, makiyi a galimoto yakufa ali m'manja.

"A Zikhalo ankafuna kusema cha paini," anatero. "Ine ndinakana. Ndinati paini ngwopepuka, ndikufuna cholemera."

Ndinawauza kuti si mlandu wawo. Anagwedeza mutu mwaulemu, monga amachitira mlendo akawauza njira yolakwika, n'kutuluka wapansi kulowa m'nkhungu.